Galu wa aneba waluma mwana wanga: amalipira ndani, mwini galu kapena inshuwalansi?

Mayi a Tadala, Area 25, Lilongwe

Moni nonse a pa gulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa sabata ziwiri tsopano, ndipo ndikupempha amene amadziwa malamulo kapena za inshuwalansi kuti andiunikire. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 9 analumidwa ndi galu wa anthu amene tinayandikana nawo nyumba pamene ankachokera kusukulu. Geti la mpanda wawo linali lotsegula chifukwa mnyamata wawo wantchito ankatulutsa zinyalala pa wilibala, ndipo galuyo anangotulukira pomwepo n'kumugwira mwanayo pa katumba wa mwendo wamanzere. Mano anayi analowa mkati, ndipo pamene mwana ankadzikoka kuti athawe, khungu linang'ambika kutalika ngati chala changa chamkombaphala.

Eni galuyo anabwera madzulo a tsiku lomwelo, anapepesa, n'kutisiyira K30,000 imene anati ndi yoyendera kuchipatala. Anatiuza kuti galu wawo anabayidwa katemera wa chiwewe, koma chiphaso chake sanationetse mpaka lero. Chiyambireni tawononga ndalama zoposa pamenepo, ine ndajomba ku ntchito masiku anayi, ndipo mwana akukana kudutsa yekha njira ya kusukulu, usiku amadzidzimuka n'kumalira. Nditawauza zimenezi dzulo, bambo a m'nyumbamo anandiyankha kuti iwo mbali yawo anachita kale. Achimwene anga amene ali ku Joni akunena kuti kumeneko inshuwalansi ya mwini nyumba ndiyo imalipira nkhani zotere, ndipo imalipira ndalama zambiri. Kodi kuno kwathu zimenezi zilipo? Nanga ngati anthuwa alibe inshuwalansi, ndiyambire pati popanda kudana nawo, popeza ndi anthu amene maliro akagwa timagona nawo pa siwa imodzi?

Namwino wopuma, Zomba

Pepani kwambiri, mayi, ndi zimene zamuonekera mwanayo. Musanayambe kuwerengera ndalama, ndikufuna kudziwa ngati anayamba kulandira katemera wa chiwewe, chifukwa mawu a pakamwa akuti galu anabayidwa si umboni. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro, monga kuopa madzi ndi kubwebweta, pafupifupi aliyense amamwalira, ndipo bungwe la World Health Organization limanena kuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri a iwo ku Africa ndi ku Asia. Kwa ena amene akuwerenga, munthu akalumidwa choyamba ndi kutsuka bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, osamatapo phulusa kapena mankhwala achikuda, kenako kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa nkhani ya chipukuta misozi, langizo langa ndi lakuti musunge bwino buku la kuchipatala la mwanayo, chifukwa zimene analemba adokotala tsiku loyamba ndizo zidzakhale umboni wanu waukulu. Muzijambula balalo pa foni masiku angapo alionse, mutaika ndalama yachitsulo pambali pake kuti kukula kwake kuzioneka. Bala likapola anthu amaiwala msanga mmene linalili, ndipo woyamba kuiwala amakhala mwini galu.

Mayi a Tadala, Area 25, Lilongwe

Zikomo amayi. Katemera anayamba m'mawa mwake titatenga kalata kwa a vetenale, ndipo sitinadumphe tsiku lililonse limene anatilembera. Analandiranso jakisoni wa kafumbata. A vetenale anati galuyo ayang'aniridwe masiku 10, ndipo mpaka lero ali bwinobwino, timamumva akuuwa kuseri kwa mpanda. Malisiti a ku famase ndasunga onse, koma a minibasi ndi kabaza palibe, monga mukudziwa kuti kondakitala sapereka lisiti.

Kalaliki wakale wa inshuwalansi, Blantyre

Mayi a Tadala, ine ndinagwira ntchito zaka zambiri pa desiki yolandira madandaulo a anthu ofuna kulipidwa, choncho ndilankhulapo pa mbali imeneyi. Zimene anena achimwene anu si bodza, ndipo inshuwalansi yotere kuno imagulitsidwanso. Palibe inshuwalansi imene imatchedwa ya kulumidwa ndi galu. Chimene chilipo ndi inshuwalansi ya nyumba ndi katundu wa m'nyumba, imene nthawi zambiri imakhala ndi gawo lotchedwa public liability, kutanthauza kuti kampani idzalipira ndalama zimene lamulo lingagamule kuti mwini nyumbayo alipire munthu wakunja amene wavulala chifukwa cha iye. Vuto ndi lakuti Amalawi ambiri timadziwa third party ya galimoto yokha, chifukwa imeneyo lamulo limatikakamiza ndipo apolisi a pamsewu amaifunsa. Ya nyumba amagula ndi anthu ochepa, makamaka amene anamanga ndi ngongole ya kubanki, ndipo ngakhale amenewo, ena anangoteteza chinyumbacho ku moto ndi mphepo basi.

Chachiwiri, mudziwe kuti mgwirizano wa inshuwalansi uli pakati pa kampani ndi mwini nyumba, inu simuli m'katimo. Inu mumalembera kalata mwini galu yonena zimene zinachitika, tsiku lake, ndi ndalama zimene mukufuna, ndiyeno iye ndi amene amadziwitsa kampani yake. Ayenera kutero msanga, chifukwa mapepala a inshuwalansi amanena kuti ngozi izinenedwa mosachedwa, ndipo kuchedwa ndi chifukwa chimodzi chimene kampani ingakanire kulipira. Mapepala omwewo amaletsanso mwini nyumba kuvomera mlandu kapena kulonjeza ndalama kampani isanalole. N'chifukwa chake munthu amene dzulo anapepesa misozi ili m'maso, lero amatha kuoneka wouma mtima. Komabe ndisawakometsere aneba anuwo, chifukwa mmene mwafotokozeramu, ine ndikuganiza kuti alibe inshuwalansi ina iliyonse ndipo akungoopa kuti mukawatchulira ndalama.

Ndiwonjezere kwa amene muli ndi agalu kuti gawo limeneli kawirikawiri sililipira munthu wa m'banja mwanu kapena wantchito wanu, ndi la anthu akunja okha. Ngati mwana wa Mayi a Tadala ali pa sikimu ya zachipatala monga MASM, sikimuyo ingalipire mankhwala malinga ndi mgwirizano wake, koma siilipira ululu, chipsera kapena masiku amene mayi ajomba ku ntchito.

Mtchona wa ku Randburg

Alongo anga, nkhani ya kuno ku Joni ndiifotokoze ine, chifukwa ndili ndi chipsera chake pa dzanja. N'zoona kuti lamulo la kuno ndi lolimba pa eni agalu. Pali lamulo lochokera ku ufumu wakale wa Roma lotchedwa actio de pauperie, limene limanena kuti chiweto chako chikavulaza munthu amene sanachiputa ndipo anali pa malo amene ali ndi ufulu wokhalapo, iwe mwini ulipira, ngakhale utakhala kuti sunalakwitse kanthu. Mlandu umene anthu ambiri amautchula ndi wa Van Meyeren v Cloete, umene khoti la Supreme Court of Appeal linagamula mu September 2020. Bambo wina amene ankakhalira maganyu a m'minda ya maluwa ndi kutola zinyalala ku Port Elizabeth, kumene tsopano kumatchedwa Gqeberha, anagwidwa ndi agalu atatu akuyenda mumsewu mu February 2017, ndipo mkono wake wamanzere anachita kuudula. Anasumira mwini agaluwo ndalama pafupifupi R2.4 miliyoni. Mwiniyo anadziteteza ponena kuti geti linali lokhoma ndipo munthu wina wosadziwika ndiye analitsegula, koma khoti linati zimenezo sizimuchotsera udindo.

Tsono pamenepa m'pamene achimwene anu asakusokonezeni. Ndalama ija ndi imene bamboyo anapempha atataya mkono wathunthu, ndipo chigamulo chimene ndatchulachi chinali chonena za amene ali ndi udindo wolipira, osati kuchuluka kwa ndalama. Kuchokera 2017 kufika 2020 ndi zaka zitatu ndi theka munthu akudikira ndi mkono umodzi.

Ine galu wa abwana anga anandiluma ndikutchetcha kapinga, pamene ndinkachotsa payipi ya madzi imene ankaseweretsa. Abwana anandinyamula pa galimoto, analipira chipatala, n'kundipatsa masiku atatu opuma, ndipo nkhani inathera pomwepo. Pambuyo pake ndinamva kuti wantchito akavulala pa ntchito kuno, njira yake ndi thumba la boma lotchedwa Compensation Fund pansi pa lamulo la COIDA, ndipo lamulolo silimulola kusumira bwana wake. Antchito a m'nyumba analowetsedwa m'lamuloli mu November 2020, khoti la Constitutional Court litagamula mlandu wa Mahlangu. Anzathu ambiri amene akugwira m'mayadi sadziwa zimenezi, ndipo amene mapepala awo sali bwino amangomanga bala ndi kansalu, kuopa kuti akadandaula ntchito itha.

Mlangizi wa za malamulo, Lilongwe

Achimwene a ku Randburg afotokoza bwino, koma tisatenge lamulo la ku South Africa n'kuliika ku Area 25. Ife malamulo athu a milandu yotere anachokera ku England, ndipo munthu wolumidwa amakhala ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kusonyeza kuti mwini galu ankadziwa kale kuti galu wakeyo ndi wolusa kwa anthu, mwina chifukwa analumapo wina kapena anathamangitsapo anthu mofuna kuluma. Zimenezo zikatsimikizika, mwiniyo zimamuvuta kuthawa. Yachiwiri ndi kusonyeza kusasamala, ndipo geti losiyidwa lotsegula masana, nthawi imene ana akuweruka kusukulu, galu ali wosamangirira, ndi chitsanzo chomveka cha kusasamala. Mfundo yakuti anatsegula ndi mnyamata wantchito siwapulumutsa, chifukwa bwana amayankha pa zimene wantchito wake walakwitsa ali pa ntchito.

Choncho, mayi, funsani mwakachetechete kwa anthu a m'dera lanu ngati galuyo analumapo munthu wina. Lembani mayina a amene anaona ngoziyo akadakumbukira bwino. Kanenaninso kupolisi kuti pakhale lipoti, ngakhale musakufuna kuti munthu amangidwe.

Khoti likamagamula chipukuta misozi limagawa pawiri. Pali ndalama zimene mwawononga kale, zimene muyenera kuzitsimikiza imodziimodzi, ndipo pamenepa m'pamene malisiti amagwira ntchito. Za minibasi ndi kabaza lembani mu kope tsiku, ulendo ndi mtengo wake, ndipo masikuwo agwirizane ndi amene ali m'buku la kuchipatala. Palinso ndalama za ululu umene mwana wamva, chipsera chimene chidzatsale, ndi zimene sangathenso kuchita monga kale, ndipo zimenezi khoti limaziyeza poona lipoti la dokotala ndi milandu ina yofanana nayo imene inagamulidwa kale. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau mukafunse ngati angakuthandizeni.

Mwini agalu awiri, Chilomoni

Ndikupepesa kwa mayi a mwanayo, ndipo sindikuikira kumbuyo aneba awo. Komabe ndikuona kuti zokambiranazi zikupita mbali imodzi. Ife amene timaweta agalu m'matauni sitiwetera kunyada, koma chifukwa cha akuba. Ine anandithyolera nyumba kawiri ndisanapeze agalu, ndipo chipezereni sanabwerenso. Ana a sukulu akamadutsa amagenda geti ndi miyala, ena amalowetsa ndodo pansi pa geti kuti agalu auwe iwo aziseka. Galu amene amaputidwa chotere tsiku ndi tsiku, tsiku limene adzapeze mpata adzaluma mwana aliyense wovala yunifolomu, ngakhale amene sanagendepo. Kodi pamenepo mlandu wonse ukhale wa mwini galu yekha?

Mlangizi wa za malamulo, Lilongwe

Bambo a ku Chilomoni, funso lanu ndi loyenera. Ngati wolumidwayo ndi amene anaputa galu, kapena analowa mumpanda popanda chilolezo, khoti limaganizira zimenezo, ndipo likhoza kuchepetsa ndalama kapena kukana dandaulo lonse. Koma kuputa kwa ana ena dzulo sikungachotse ufulu wa mwana amene lero amangodziyendera mumsewu wa aliyense. Ndiponso taonani kuti mawu anu omwewo akhoza kukutsutsani m'khoti: ngati mukudziwa kuti agalu anu amakwiya akaona yunifolomu, ndiye kuti mukudziwa kuopsa kwawo, ndipo udindo wanu wotseka geti wakula.

Mwini agalu awiri, Chilomoni

Pamenepo mwandigwira pakamwa. Ndifunse a kalaliki: inshuwalansi imene mwatchulayo, munthu wa lendi ngati ine angaigule, kapena ndi ya eni nyumba okha?

Kalaliki wakale wa inshuwalansi, Blantyre

Mungaigule, bambo, chifukwa ya katundu wa m'nyumba ndi ya wokhalamo, kaya nyumbayo ndi yake kaya ndi ya lendi. Pogula nenani poyera kuti muli ndi agalu awiri ndi mtundu wawo, funsani ngati gawo la anthu akunja likuphatikiza ziweto, malire a ndalama zimene angalipire, ndiponso ngati limagwira ntchito galu akaluma munthu kunja kwa mpanda. Yankho likhale lolembedwa. Munthu amene anabisa zoona pogula inshuwalansi amadzalira tsiku lofuna kulipidwa. Mukasemphana ndi kampani, woyang'anira makampani a inshuwalansi m'dziko muno ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo amalandira madandaulo.

Achemwali a ku Leeds

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku England, ndipo agalu timakumana nawo pafupifupi tsiku lililonse. Kuno galu akavulaza munthu, mwini wake akhoza kuimbidwa mlandu pansi pa Dangerous Dogs Act ya 1991, ndipo kuyambira 2014 lamuloli limagwira ntchito ngakhale galuyo atalumira m'nyumba ya mwini wake. Chilango chikhoza kufika zaka 5 m'ndende ngati munthu wavulala, ndi zaka 14 ngati wamwalira. Agalu a mtundu wa XL Bully analetsedwa ku England ndi Wales, moti kuyambira 1 February 2024 kusunga galu wotere popanda chiphaso chapadera ndi mlandu, ndipo chimodzi mwa zimene anafuna kuti munthu apeze chiphasocho chinali inshuwalansi yolipira anthu ena galuyo akawavulaza.

Chimene ndikufuna Mayi a Tadala amve ndi chakuti ngakhale kuno, kumene malamulo ndi ambiri chotere, funso loyamba limene loya amafunsa ndi lakuti kodi mwini galu ali ndi inshuwalansi. Mnzanga wa ku ntchito analumidwa pa ntchafu ndi galu wa munthu wina m'paki, mwiniyo analibe inshuwalansi ndiponso analibe chuma, ndipo maloya awiri anakana kutenga mlanduwo chifukwa ngakhale akanapambana panalibe potapa ndalama. Thumba la boma lolipira anthu ovulazidwa ndi zigawenga nalonso silinamuthandize, popeza limalipira pokhapokha ngati munthu anachita kumutumira galuyo dala. Kuno nthawi yosumira mlandu wa kuvulala ndi zaka zitatu, chimodzimodzi ku South Africa. Kwathu timati mlandu suola, koma wa kukhoti umaola.

Agogo a ku Ntcheu

Ana anga, ndawerenga zonse ndipo ndaphunzira zambiri, koma ndikuona kuti mwamutengera mayiyu kutali, ku Joni ndi ku Mangalande, pamene galu ali kuseri kwa nyumba yake. Kwathu kuno mbuzi ikadya chimanga cha mnzako, kapena galu akagwira nkhuku, nkhani imapita kwa anyakwawa, mwini chiweto amalipira, ndipo mawa anthu amapatsanabe moto. M'tauni muli mafumu a m'madera, mulinso akulu a mpingo. Mwana wanga, itanitsa bwalo laling'ono, aneba akowo akhale pansi pamaso pa anthu, uwayalire malisiti ako. Munthu amene amakana pa awiri, pa gulu amachita manyazi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama yochepa imene ungalandire mwezi uno iposa yambiri imene ungaidikire zaka, uku ukulipira maulendo a kukhoti.

Mlangizi wa za malamulo, Lilongwe

Agogo anena zanzeru, ndipo ine sinditsutsa kuyamba ndi kukambirana, chifukwa milandu yambiri yotere imathera pamenepo. Chenjezo langa ndi limodzi. Pa bwalo lotere pamalembedwa kapepala, ndipo kawirikawiri wina amaikamo mawu akuti nkhani yatha ndipo sidzadzutsidwanso. Mayi, musasayine mawu amenewo bala lisanapole ndiponso dokotala asanalembe lipoti lomaliza. Bala la mano a galu limatha kutukusira mkati patapita masiku, ndipo chipsera cha pa katumba chikhoza kumukoka mwana poyenda. Landirani ndalama zimene mwawononga kale, papepala palembedwe kuti ndi za zimenezo zokha, ndipo nkhani ya ululu ndi chipsera idikire. Kumbukiraninso kuti chipukuta misozi cha ululu ndi cha mwanayo, inu mukungomuimirira.

Mayi a Tadala, Area 25, Lilongwe

Ndabweranso kudzakudziwitsani mmene zayendera, ndipo ndikuthokoza nonse. Ndinatsatira mawu a agogo, ndipo Loweruka tinakumana kwa amfumu a m'dera lathu. Ndisanapite ndinafunsafunsa monga anandilangizira a zamalamulo, ndipo ndinapeza mayi wina wogulitsa masamba amene galu yemweyo anamung'ambira chitenje ndi kumukanda pa mwendo chaka chatha. Anavomera kubwera, ndipo atangoyamba kulankhula, bambo aja anaweramitsa mutu. Chiphaso cha katemera anabwera nacho amfumu atachiitanitsa, ndipo chinaonetsa kuti galuyo anabayidwa komaliza zaka ziwiri zapitazo.

Inshuwalansi alibe, monga ananenera a kalaliki. Nyumbayo ndi ya lendi, ndipo anati sankadziwa n'komwe kuti ya mtundu umenewo iliko. Anavomera kubweza zonse za m'malisiti ndi za m'kope langa la maulendo, pamodzi ndi malipiro a masiku anayi amene anandidula ku ntchito, ndipo adzapereka kawiri, kumapeto kwa mwezi uno ndi wa mawa. Avomeranso kumanga khola la galu, kumubayitsa katemera, ndi kuika loko pa geti.

Mlembi wa amfumu analembadi mzere wakuti nkhani yathera pomwepo, ndipo ine ndinapempha mwaulemu kuti aufute. Panali kung'ung'udza, mayi a m'nyumbamo anati ndikufuna kulemera ndi mwendo wa mwana, koma amfumu anagamula kuti tidzakumanenso dokotala akalemba lipoti lomaliza. Kuyambira tsiku limenelo mayiwo sakundiyankha moni. Tadala wayambanso kupita kusukulu, koma akuzungulira njira ya kumsika imene ndi yotalikirapo, ndipo ndamulola. Lolemba ndikupita naye kuchipatala kuti akaone balalo, ndipo ndikafunsa tsiku limene lipotilo lingatuluke.